Asia Wandichotsera Ulemu Pakhomo

Pabawo ine ndimadziwika kuti ndine munthu woyenda. Ndinagonapo ku Dedza mwezi wa June ndi bulangete limodzi, dzuwa la ku Nsanje linandiwaulapo mu October, ndipo phiri la Mulanje ndinalikwera mpaka pamene pathera minda ya tiyi. Ndiye mwana wanga wa Fomu 2 atabwera ndi homuweki yokhudza Asia, ndinayamba ndakhosomola, n'kumuuza kuti akhale pansi amve kwa eni ake.

"Ababa, phiri lalitali kwambiri ndi liti?"

Ndinati limeneli si funso. Sapitwa, dzina lokha likunena. Mwanayo sananditsutse, anangotsegula buku. Sapitwa ndi mamita 3,002, pamene Everest ndi mamita 8,849. Ndiye kuti mutasanjikiza a Sapitwa atatu m'pamene mungasuzumire pamwamba pake. Akuti ku Tibet anthu amadyetsa ziweto pamtunda woposa mamita 4,000, osadziwa n'komwe kuti akwera chilichonse. Ndipo mapiri a Himalaya akukulabe, chifukwa nthaka ya India yakhala ikukankha Asia kwa zaka pafupifupi 50 miliyoni. Ine kukankhana m'minibasi mphindi ziwiri zokha, ndimafika kunyumba ndikudandaula msana.

Ndinathawira ku nyanja. Pamenepo ndinati palibe angatigwire, yathu ndi yakuya mamita pafupifupi 700. Mwana anatembenuza tsamba: Baikal, ku Siberia, mamita 1,642. Ndinamufunsa ngati muli chambo. Anati mulibe. Chigoli changa chinali chimenecho basi.

Kenako ndinalakwitsa, ndinayamba kudzitama za ku Dedza kuja. Anandiwerengera za mudzi wa Oymyakon, ku Siberia komweko, kumene mu 1933 kunazizira madigiri 67.7 kunsi kwa ziro. Mudziwo uli kutali ndi nyanja yaikulu yomwe ikanaufunditsa, ndiponso uli m'chigwa, moti mphepo yozizira imatsika m'mapiri n'kukhazikika momwemo ngati mlamu wobwera kudzafuna ntchito m'tauni. Anthu amakhala kumeneko, amadzuka, amapita kuntchito. Ine chiperoni chikangowomba ndimasamba kumaso kokha, thupi lonse n'kuliuza kuti tionana August.

Apa mayi a kunyumba anali atasiya kusankha nyemba, akumvetsera. Ndikanakhala wanzeru ndikanatseka bukulo. Koma pakamwa panga sipamva, ndinati chabwino, nanga mvula? Yathu ija imagwa mpaka denga kudontha!

Mwanayo anamwetulira. Ku Mawsynram, kumpoto chakum'mawa kwa India, pachaka kumagwa mvula yoposa mamilimita 11,000. Ya ku Lilongwe kawirikawiri sifika n'komwe 1,000. Akuti nyengo yotentha mtunda umapsa msanga kuposa nyanja, mpweya wotentha n'kukwera, ndipo mphepo yachinyezi yochokera ku Bay of Bengal imathamangira kumtunda. Ikagunda mapiri a Khasi imakwera, imazizira, n'kukhuthula zonse pamutu pa anthu. Imeneyo ndiye monsoon, ndipo mpunga wa anthu miyandamiyanda umadikira iyoyo.

"Bwereza nambala ija, mwanawe," anatero mayi ake.

Anabwereza.

"Ndiye kumeneko amagona m'nyumba, abambo?"

Ndinati mwina.

"Zaka zitatu mwakhala mukundiuza kuti denga lathu lilibe vuto, vuto ndi mvula yochuluka. Mapoto anga onse amagona pabalaza kutchera madzi. Kani mvula yathuyi ndi malovu chabe?"

Ndinayesa kunena kuti mabuku ena amakokomeza, koma panalibe wondiyankha. Loweruka anzanga a pabawo anandipeza ndili pamwamba pa nyumba, phula kumanja, misomali kukamwa, miyendo ikunjenjemera. Anandifunsa kuti ndikutani kumeneko. Ndinawauza kuti ndikuyesera za Everest, ndipo ndayambira mamita atatu. Vuto linali kutsika, poti makwerero anali atabwereka a neba.