Imvi za ufa woyera

Mphunzitsi woyang'anira kalabu ya zisudzo pasekondale yoyendera ku Ndirande kapena ku Bangwe sakhala woti anaphunzira zisudzo ayi. Amakhala uja anajomba tsiku limene aphunzitsi ankagawana ntchito.

Lachitatu masana ana a Fomu 1 ndi Fomu 2 adzaza kalasi, ndipo nkhondo imayambira pogawa mbali. Anyamata onse akufuna ubwana, poti bwana amangokhala pampando sewero lonse, foni kukhutu. Ufiti palibe aufuna. Mtsikana amene anasewera mfiti chaka chatha, mpaka lero akafika pakiyosiki amayi amachotsa zidebe zawo kuti atunge msanga azipita.

Zovala zimachoka kunyumba mosatsanzika. Jekete la bambo limadziwika kuti lasowa Lamulungu m'mawa, belu la kutchalitchi likulira. Ndevu ndi makala, mimba ndi pilo, imvi ndi ufa woyera. Ukakhala mpikisano wa ATEM, sewero n'lachingerezi, ndiye mwana amalavula mawu aatali oti iye mwini sakuwadziwa, anthu n'kumawomba m'manja molingana ndi kutalika kwa liwulo.

Ufa uja ndi umene umabweretsa mayi wina pageti, chitenje atamanga m'chiuno.

"Aphunzitsi, mukudziwa mtengo wa thumba la chimanga inu? Mwana ndamutuma kudzaphunzira, osati kudzakanda nsima kumutu!"

Mphunzitsi amayesa kufotokoza mwaulemu kuti Du Chisiza Jr anayambira pa HHI pompano, n'kupambana mpikisano wa zisudzo wa masukulu mu 1982, kuti Izeki ndi Jakobo anaseketsa dziko lonse.

"Nanga a MANEB amafunsa za Izeki?"

Komatu mayi yemweyu, alandilodi akagogoda pakutha pa mwezi, mawu amatsika, dzanja lili pamsana, kutsokomola kwake koti mwini nyumba amabwerera atapepesa. Bambo nawo akakwera minibasi ya ku Limbe amasisita matumba onse, nkhope yodabwa, amvekere "Aa! Koma ndinaika umu!", mpaka kondakitala atatopa. Maphunziro amenewa mwana amawaonera pafupi, opanda fizi.

N'chifukwa chake mphunzitsi akati, "Iwe, pamenepa mwamuna wako wamwalira, ulire," kamtsikana ka Fomu 1 sikachita manyazi. Kamamanga mpango bwinobwino, n'kuyang'ana pansi posankha pogwera popanda fumbi, kenaka n'kufunsa:

"Sala, ndilire ngati wasiya nyumba ku Namiwawa, kapena wasiya ngongole?"