Musakwere Imeneyo, Achimwene

Lachiwiri lapitali maminibasi atatu anandidutsa ndili chiimire pasiteji, maso ali tong'o, ndalama ili m'thumba. Sindinaledzere ayi. Ndinangokumana ndi katswiri.

Ndinalawirira kuchoka kwathu kwa Kuntumanji ndi kathumba ka mpunga ndi jumbo ya matemba, zokamupatsa mlongo wanga m'tauni ya Zomba. Wakabaza ananditula pa Songani fumbi lili mpaka m'nsidze. Ndisanadzisase n'komwe, anandiyandikira mkulu wina wovala jekete ya suti pamwamba pa malaya a mpira, cholembera chili pakhutu.

"Mwadzuka bwanji achimwene? Wa ku Zomba? Ikubwerayo musakwere."

Ndinasuzumira kumsewu. Kunali mbuzi imodzi ndi mwana wonyamula nzimbe.

"Iti, madala?"

"Tcherani khutu. Yangochoka pa Domasi. Imatsokomola ikalowa giya yachiwiri."

Patapita kanthawi inatulukiradi, ikutsokomola ngati nkhalamba yosuta chingambwe. Apa mpamene ndinagwera m'mbuna. Munthu amene wamva galimoto isanaoneke ungamutsutse bwanji? Ndinaisiya ipite. Yachiwiri anati dalaivala wake wakangana ndi mkazi usiku, ndiye lero akuponda moto mokwiya. Yachitatu anangopukusa mutu, n'kundinong'oneza kuti kondakitala wake chenji amachiiwala dala, ndipo chitseko chinagwapo pa Malosa anthu ali m'kati mwa pemphero.

Anthu amenewa ali pasiteji iliyonse m'dziko muno. Sagulitsa kanthu, sadikira munthu, sapita kulikonse. Amafika m'mamawa ngati olembedwa ntchito, n'kukhala pa benchi ya eni golosale mpaka dzuwa kulowa. Nambala ya galimoto iliyonse ali nayo pamtima, pomwe tsiku lobadwa mwana wawo amachita kufunsa kwa mayi ake. Amadziwa minibasi yogulidwa ndi ndalama za mpunga, yogulidwa ndi ndalama za ku Johannesburg, ndi ina imene amatsitsa mawu poitchula chifukwa mwini wake akuti anakhwimira. Ikadutsa lole ya makumba amakuuzani dooko limene yachokera pongonunkhiza mphepo.

Mkulu wanga uja ataona kuti ndagwidwa, anatsegula mbiri. Izi mukukwera masiku anozi, anatero, ndi zitini. Basi inali ya UTM. Tikiti yodinda, katundu pamwamba, nkhuku ndi njinga zomwe, ndipo insipekitala akakwera aliyense amakhala mowongoka ngati m'tchalitchi. Kenaka mu 1989 inabwera Stagecoach ya mizere yake ija, pambuyo pake Shire Bus Lines, imene inafa iye akuona. Amasimba ngati akuwerenga mbiri ya malemu pamaliro, ine ndili pomwepo kupirikitsa ntchentche pa jumbo ya matemba.

Atafika pa sitima ndiye anachita kuimirira. Dziwani kuti Zomba inakhala likulu la dziko mpaka 1975 koma njanji sinapondemo. Imene ili pafupi ndi ija anamanga mu 1970, yowoloka Shire pa Liwonde n'kulambalala nyanja ya Chilwa chakumpoto mpaka ku Nayuchi. Ifeyo a kwa Kuntumanji sitima timaimva m'nkhani. Koma mkulu ameneyu amaidziwa ngati mlamu wake. Sitima ya malasha yochokera ku Moatize kupita ku Nacala anaiona kamodzi, tsiku limene anapita kumaliro ku Liwonde. Anaima kuwerenga mabogi, atapitirira 100 mwana wina anamusokoneza, ndiye anaganiza zodikira ina kuti ayambirenso. Pofika kumanda anapeza adzukulu akutsuka makasu. Amanena izi mosachita manyazi, ngati kuti wolakwa anali malemuyo posadikira.

Koma amene amandiwawa kwenikweni ndi abale awo a akatswiriwa, oitanira. Katswiri amakubera nthawi mwaulemu, woitanira amayamba wakulanda chikwama, iwe n'kumachitsatira pambuyo ngati mwana wa mbuzi. "Watsala mmodzi! Yonyamukanyamuka!" Mmodzi ameneyu wakhala akutsala chiyambire ndili mwana, ndipo sanafikebe. Ukalowa umapeza anthu asanu akhala mwaulemu, nkhope za ulendo, wina atagwira ndi nyuzipepala. Pakakwera munthu weniweni, mmodzi wa iwo amatsika ngati wakumbukira kuti anasiya nyemba pamoto. Onsewo ndi ganyu. Dalaivala naye amaliza injini, kusuntha pang'ono, kubwerera m'mbuyo, kuti mtima wako uziti tanyamuka. Ukadandaula amakuyankha kuti, "Bwana, ngati mwafulumira gulani yanu." Ndipo pamzere wa anthu atatu amakuikani anayi, wachisanu n'kukhala theka pamwendo pako popanda ngakhale moni.

Nthawi zina ndimati mwina si vuto lawo. Ife a m'mbali mwa Chilwa tinazolowera kuonerera zinthu zikudutsa. Matemba athu amakwera galimoto kupita ku Limbe ife tikutsala. Mpunga wathu umafika ku Lilongwe kumene mwini munda sanapondeko. Malasha a eni ake amayenda pa sitima, ife dzinja likafika timanyamula njinga pamutu powoloka matope. Ngakhale nyanjayo inatichokerapo, mu 1995 ndi mu 2018, mabwato n'kutsala pamchenga ngati maminibasi opanda matayala. Munthu wosakwera atani, kupatula kuloweza manambala? Mayi wogulitsa zitumbuwa pambali panga anandiuza kuti mkuluyo amabwera tsiku lililonse, ngakhale pa Khirisimasi. Ndinamufunsa mkuluyo kuti anapita liti komaliza ku Zomba. "Ine? Ndikatengeko chiyani? Zonse zimadutsa pompano." Kunena zoona, ndinamumvera chisoni. Ndinamugulira zitumbuwa ziwiri.

Dzuwa litafika paliwombo, nkhope yake inawala. "Iyi ndiye galimoto, achimwene! Injini yake imayankhula Chingerezi." Anandinyamulira yekha kathumba ka mpunga, kunditsegulira chitseko, kuuza kondakitala kuti andisamale chifukwa ndine munthu wophunzira. Tikunyamuka ndinacheuka kuti ndimubayibitse. Ndinaona kondakitala akutulutsa dzanja pawindo, ndipo kandalama kopindapinda kakulowa m'thumba la jekete ya suti ija. Giya yachiwiri, mkazi wa dalaivala, chitseko cha pa Malosa, zonse zija zinali zondisungira minibasi ya bwana wake. Zitumbuwa zanga anali akutafunabe.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Sananene za ife amene timadya phula chifukwa chomvera.

Injini yoyankhula Chingerezi ija inasiya kuyankhula tisanalowe bwino pa Chinamwali. Inangoti phwii, n'kukhala chete. Amuna tonse tinauzidwa kuti titsike tikankhe, kuphatikizapo munthu wophunzira. Tili m'kati mokankha, inatidutsa yotsokomola ija, itatula kale anthu ku Zomba, ikubwerera ku Liwonde yodzaza thothotho, ikutsokomola mwathanzi.

Pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa msewu panakhala bambo wina, miyendo atapingasa, chipewa chili pabondo. Anandiyang'ana thukuta lili kamukamu, jumbo ya matemba ili m'khwapa, n'kupukusa mutu mwachifundo.

"Pepani achimwene. Mukanandifunsa ine, imeneyi simukanakwera."