Irene Wabisidwa Kudimba, ndi Zina Zomveka ku Lulimile

Mphepo ya Juni ku Lichinga siseka ndi munthu. Mzindawu uli pamwamba, mamita oposa 1,300 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo kukamacha anthu a m'dera lake la Lulimile amaunjikana paliponse pamene pali mbaula: pa mayi wokazinga mandasi, pamene anyamata a njinga zamoto amadikirira makasitomala, pakhonde la telala. Manja akangofunda, pakamwa pamatseguka. Sabata ino mpira unapuma, ndale nazo zinapuma. Nkhani inali ya Irene.

Inayamba ndi bambo wina wachikulire, wolemekezeka ku mzikiti, amene anamveka akunong'oneza mnzake pachigayo kuti, "Irene ndamubisa kudimba. Akunyumba asadziwe mpaka atabereka." Mnyamata woyeza chimanga anamva, ndipo pofika masana Irene anali ndi zaka 19, wochokera ku Cuamba, woyera ngati mzungu. Pofika madzulo anali ndi pakati pa miyezi inayi. Apongozi anamanga chitenje m'chiuno, ulendo wa kudimba, anthu pambuyo. Anakapeza mizere isanu ndi umodzi ya kholowa wobiriwira bwino, wotchingidwa ndi minga kuopa mbuzi.

Irene ndi mbatata. Ndi umodzi mwa mitundu 15 ya mbatata yofiira mkati, yopirira ng'amba, imene inatulutsidwa mu Mozambique mu 2011, ndipo pafupifupi yonse ili ndi maina a anthu: Delvia, Sumaia, Melinda, Bela, Erica, mpaka Tio Joe. Anatsogolera ntchitoyo ndi Maria Andrade, mayi wa ku Cape Verde amene ankagwira ntchito ku bungwe la CIP limodzi ndi akatswiri a boma a IIAM, ndipo mu 2016 iye ndi anzake atatu analandira World Food Prize chifukwa cha zakudya zonga zimenezi. Kufiira kwa mkatiko ndi kumene thupi limasandutsa vitamini A, imene ikasowa mwana saona bwino kukada ndiponso amadwaladwala. Kuno ku Niassa kholowayo anafalitsidwa ndi thandizo la dziko la Ireland. Aphunzitsi ena opuma, amene sasowa pakhonde la telala, akuti ichi ndicho chodabwitsa chachikulu: mbatatesi imene a ku Malawi amaitcha ya Irish tinali nayo kale, ndiye a Irish enieniwo atafika anatibweretsera ya kholowa.

Apongozi aja akuti anabwerera ndi mtolo wa kholowa pamutu, ngati chipepeso.

Pa mayi wa mandasi nkhani inakhotera kwa akatswiri a ku siteshoni ya zaulimi ya Lichinga, imene ili likulu la kafukufuku wa IIAM kumpoto chakumadzulo kwa dziko lino. Chimene chimapweteka anthu mutu ndi kalimidwe kawo. Munthu wophunzira, wovala magalasi, kulima kandime kochepa ngati mphasa, kukhomapo kachikwangwani ka manambala, kenako kubzala mbewu yomweyo potero, ndiponso potero. "Amaiwala kuti abzala kale," anatero mnyamata wina wa njinga yamoto. Mnzake anatsutsa, akuti ndi njira yodyera ndalama za azungu: munda umodzi, malipoti atatu.

Apa ndiyenera kuwaikira kumbuyo akatswiriwo. Munda suli chimodzimodzi paliponse. Pali pachulu, pali pamene madzi amakhazikika, pali pamene panali khola kale. Ukabzala mtundu umodzi pamalo amodzi okha n'kukolola zambiri, sudziwa ngati uyamikire mbewu kapena ndowe za ng'ombe za chaka chatha. Ndiye amabwereza katatu kapena kanayi, malo osinthasintha, pambali pake n'kuikapo mtundu wodziwika kale kuti ukhale muyezo. Amabwerezanso zaka zingapo, chifukwa mvula ya chaka chimodzi ndi mboni yosadalirika. Ndinafotokoza zonsezi mwaluso ndithu. Wa njinga uja anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Achimwene, ndiye kuti sakhulupirira Mulungu."

Koma khoti lalikulu la mbewu silikhala ku siteshoni. Limakhala pamtondo, ndipo oweruza ake savala magalasi. Anganga ena, amene anafika kudzagula mandasi awiri n'kukhala maola atatu, anapereka chigamulo chawo pa chimanga cha makono: chimabereka, inde, chimacha msanga, inde, koma ukachikonola chimathera ku gaga, ndipo m'nkhokwe anankafumbwe amachitira ukwati. Cha makolo n'cholimba, mphale yake imatuluka yathunthu. Anganga sakunama. Dandaulo lomweli linamveka ku Malawi zaka zambiri, mpaka akatswiri a ku Chitedze, mothandizana ndi a CIMMYT, anatulutsa MH17 ndi MH18 mu 1990, mahaibulidi a njere zolimbirako okonoleka bwino. Zinatengera zaka zonsezo kuti wina afunse munthu wogwira munsi.

Aphunzitsi aja anawonjezapo za maina. Kuno tili ndi Matuba, Tsangano, Sussuma, maina oti munthu angawatchule pamsika. Koma palinso ZM 523, imene anyamata akuti ikumveka ngati nambala ya minibasi. Ndi chimanga chopirira chilala chochokera kwa akatswiri a CIMMYT ku Harare. A ku Malawi anachenjera: mu 2009 ZM 523 anaitcha Mwayi, ZM 309 n'kuitcha Msungabanja. Ubwino wa mitundu imeneyi ndi woti si haibulidi, mlimi angathe kusunga mbewu yake n'kubzalanso nyengo ziwiri kapena zitatu. Haibulidi ukaibwereza, ana ake amatuluka wina wamtali, wina wamfupi, wina wopanda chisononkho. Anganga anati zimenezo si zachilendo, kwawo kuli banja lotero.

Nkhani ya mbozi ndiye inadzutsa aliyense, chifukwa pa mbozi palibe amene si katswiri. Ntchemberezandonda zatsopanozi, zimene pa Chipwitikizi amati lagarta do funil poti zimabisala mu nsonga ya chimanga, kwawo ndi ku America. Zinaoneka kumadzulo kwa Africa mu 2016, ndipo pofika 2017 zinali m'minda ya kuno. Kuyambira pamenepo ku Lulimile kwachitika kafukufuku wochuluka kuposa wa yunivesite ya Unilúrio ku Unango. Wina amathira mchenga mu nsonga, wina phulusa, wina sopo wa ufa, wina tsabola wosinja. Mayi wina wa ku Metangula analumbira kuti mankhwala ake ndi msuzi wa usipa: ukawaza, nyerere zimakwera kudzafuna nsomba, n'kupeza mbozi. A kutsidya kwa nyanja amachitadi zimenezi. Vuto, anatero mwamuna wake, ndi loti usipa wa mbozi ukutha msanga kuposa wa ana. Wina anatchula njira ya akatswiri a icipe ku Kenya, yobzala desmodium pakati pa mizere kuti fungo lake lithamangitse agulugufe oikira mazira, ndi nsenjere m'mbali kuti iwakope. Onse anavomera kuti ndi nzeru. Palibe amene anadziwa kogula desmodium.

Kenako panafika amjomba ena a chipewa choluka, amene akangomva mawu oti pulojekiti amayamba kuwerenga zala. Iwo akuti Niassa ndi munda wa maloto a anthu ena. Anaona a ku East Germany akubwera ndi mathirakitala ku Unango nthawi ya Samora. Anaona mu 1983 ndege zikutsitsa anthu otoledwa m'misewu ya Maputo kuti adzalime kuno, ena oti khasu sanaligwirepo chibadwire. Anaona a paini ndi bulugama akutenga malo. Ndiye kunabwera ProSavana, mgwirizano wa 2009 wa Mozambique, Brazil ndi Japan, woti dera lonse la njanji ya Nacala lisanduke ngati Cerrado ya ku Brazil, soya mpaka pothera maso. Akatswiri a Embrapa ndi a JICA anachita nawo zoyesa mbewu konkuno ku Lichinga. Alimi a bungwe la UNAC anafunsa funso limodzi, loti nanga ife okhala pa nthakayo tipite kuti, ndipo mu 2013 analembera kalata atsogoleri a maiko atatuwo. Mu 2020 ProSavana inatsekedwa. "Zikwangwani zake zinali zachitsulo chabwino," anatero amjomba. Wina anafunsa kuti adziwa bwanji. Iwo anangoti khola lawo la nkhuku silidontha.

Za mvula anthu sanakhalitsepo, mwina poti siziseketsa kwenikweni. Onse akugwirizana kuti ya masiku ano ndi mlendo wosanena tsiku: chizimalupsa chimanyenga, munthu n'kubzala, dzuwa n'kuswa mtengo sabata zitatu, kenako imagwa ya mwezi wathunthu usiku umodzi. Namondwe Freddy wa mu 2023 akumukumbukira, chilala cha El Niño cha 2024 chimene chinaumitsa minda ku Tete ndi ku Malawi akuchikumbukira, Chido wa mu Disembala chaka chomwecho nayenso. Anganga anangodandaula kuti anamondwe nawo ayamba kupatsidwa maina a anthu ngati mbatata, ndiye munthu ukamva kuti Ana akubwera sudziwa ngati ukonze mizere kapena umange denga.

Mayi wogulitsa nyemba, amene nthawi yonseyi ankangopeta, ndiye anaponya mwala waukulu. Nyemba za ku Lichinga zimapita mpaka ku Nampula ndi ku Maputo, ndipo iye amadziwa chimene ogula amafuna. Alangizi amayamikira NUA 45, nyemba za ayironi ndi zinki wambiri, zocha msanga. Iye sakutsutsa. Koma akuti wogula wa lole akafika sanyambita nyemba kuti amve ayironi. Amayang'ana mtundu, kukula kwa njere, n'kutchula mtengo wa lata. Chaka chimene onse akolola bwino, mtengowo umagwa chagada. "Atiuze akatswiriwo mbewu yopirira ogula," anatero, lichero lili m'manja. Aphunzitsi anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Ineyo ndikuganiza kuti ndilo funso labwino kuposa onse amene ndamva chaka chino, ndipo tindime ta manambala tija sitingaliyankhe tokha. Sitima inayambiranso kufika ku Lichinga kuchokera ku Cuamba mu 2016, koma mlimi wa lata zisanu sakwera sitima. Amagulitsa pakhomo, kwa amene wabwera ndi sikelo yakeyake.

Chimene chinabweza kuseka ndi mbatatesi. Aphunzitsi anaulula kuti mwa mitundu imene akatswiri a IIAM ndi CIP anatulutsa, ulipo wotchedwa Lulimile, dzina la kwathu lenileni. Pakhonde panali zii, kenako phokoso. Wa njinga yamoto akuti ngati zili choncho aliyense wokhala kuno azilandira kangachepe pa thumba lililonse. Amjomba akufuna kudziwa amene anapereka chilolezo, poti mfumu sinaitanitse msonkhano. Mayi wa mandasi anafunsa zanzeru: kodi imapirira chiwawu, matenda aja amene amawaula masamba kukazizira ndi kunyowa? Nanga tchipisi chake chimamwa mafuta? Palibe anayankha, poti palibe amene ankadziwa ngati mbatatesi ya m'munda mwake ndi Lulimile kapena Rosita. Mbewu amagula pamsika, timbatatesi ting'onoting'ono totsala posankha, ndipo timabwera topanda chiphaso.

Pobalalika, ndinaona amjomba aja atamukokera pambali bambo wa kudimba uja. Ankalankhula motsitsa, koma mphepo ya ku Lichinga imanyamula mawu.

"Achimwene, Irene uja mungandibwerekeko? Sabata imodzi yokha, ndingodulako pang'ono."

Mnyamata wa pachigayo anali chapafupi, makutu ali tcheru.