Ulemu kwa Mkamwini wa ku Maputo

Ku Chembe timatamanda chambo, timatamanda mbuna zamawangamawanga za ku chilumba cha Thumbi, timatamandanso paki yathu ya m'nyanja imene UNESCO inaizindikira mu 1984. Koma alipo mkulu wina amene amagona m'thumba la wokoka chilimira, la mayi woyanika usipa ndi la mlendo wofika pa loji, ndipo sanayamikidwepo ngakhale ndi chipande cha nsima. Dzina lawo ndi a Africa/Blantyre. Lero ndi tsiku lawo.

Tiyambe ndi ntchito imene amagwira. Foni payokha sidziwa kuti ku Chembe kwacha. Imangowerenga masekondi kuchokera pa 1 Januwale 1970 pa nthawi ya UTC. Kuti ikuuzeni kuti ndalama za pa Mpamba zalowa 6 koloko m'mawa, pulogalamu imayenera kufunsa kaundula wa nthawi za dziko lonse, wotchedwa tz database. Anamuyamba ndi Arthur David Olson m'zaka za m'ma 1980, amamukonza ndi Paul Eggert, ndipo kuyambira 2011 amasungidwa ndi bungwe la IANA. Pa kompyuta ya Linux, mafayilo ake amakhala mu /usr/share/zoneinfo. Python imayamba yafufuza mmenemo, ikasowa imatsegula phukusi la tzdata. Java imayenda ndi kope lakelake. Onsewa akafuna nthawi ya Malawi amagogoda pakhomo pa a Africa/Blantyre.

Apa ndiye pagona ukulu wawo. Ukagogoda, iwo amatuluka mwaulemu n'kunena kuti, "Pepani, funsani eni mudzi." Kuyambira mu 2014, dzinali ndi mzere umodzi basi wolozera ku Africa/Maputo. Lamulo la kaundulayu limati madera amene mawotchi awo akhala akugwirizana kuyambira 1970 atha kuphatikizidwa pansi pa mzinda umodzi waukulu. Motero akuluwa analowa chikamwini ku Mozambique, pamodzi ndi anzawo a Lusaka, a Harare, a Kigali ndi a Gaborone. Paja amati mkamwini asamakule mwendo. Ndani anasunga mwambowu kuposa iwo? Munda alibe, nkhokwe alibe, pa mlandu salankhula.

Kufatsa kwawo n'kosowa. A Europe/London amasuntha wotchi kawiri pa chaka, mpaka mnyamata wonyamula alendo pa boti kupita ku Domwe amasokonezeka: mu Julayi kasitomala wake ali ola limodzi m'mbuyo, mu Disembala maola awiri. Sudan inasintha nthawi mu 2017, South Sudan mu 2021, ndipo mafoni anafunika kulandira kaundula watsopano. A Etc/GMT-2 ndiye achinyengo enieni: avala chizindikiro chochotsera pomwe akutanthauza maola awiri kutsogolo. Koma akwathuwa ali phee pa UTC+2, Mwera uwombe kapena Mpoto. Mwana wa ku Mangochi amene ali ku Joni amaimba foni kumudzi osawerengera zala. Msodzi yekha wofika cha ku Mbamba Bay ndiye amadabwa foni ikagwira netiweki ya ku Tanzania n'kumubera ola lathunthu.

Nanga kupirira? Likulu linachoka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, ndipo kalembera wa 2018 anapeza kuti Lilongwe yaposa Blantyre pa chiwerengero cha anthu. Iwo dzina sanasinthe, poti mapulogalamu ambirimbiri analiloweza kale. Windows ndiye sawatchula n'komwe: imangolemba Harare ndi Pretoria, Mmalawi n'kudina pomwepo mosanyinyirika.

Si kuti analibe mbiri. Kale dziko lino linali ndi nthawi yakeyake, Zomba Mean Time, yotsogola Greenwich ndi maola 2 ndi mphindi 21, mpaka mu 1925. Mbiriyi inakankhidwira m'fayilo yotchedwa backzone, imene si makina onse amene amaitsegula. Mukafunsa pulogalamu kuti inali nthawi yanji pamene a Robert Laws ndi anzawo ankafika ku Cape Maclear mu 1875, ingathe kukupatsani nthawi ya dzuwa la ku Maputo, osachita nako manyazi. Dzuwa la ku Chembe nalo limatsogola wotchi ndi mphindi pafupifupi 20, chifukwa UTC+2 inayezedwa pa mzere wa madigiri 30 kum'mawa pomwe ife tili pafupi ndi 35. Akuluwa salimbana nalo. Amadziwa kuti siginala wa asodzi a chilimira amayatsa nyali poyang'ana mwezi, osati foni.

Njira yowabwezera nyumba yawoyawo ilipo imodzi. Nyumba ya Malamulo itangosuntha wotchi ya Malawi ndi theka la ola, kusiyana ndi Mozambique, okonza kaundula angakakamizike kuwamangira fayilo yawo, ndipo dziko lonse lingatsitse dzina lathu mwatsopano. Aphungu athu olemekezeka, chonde ganizo limeneli lisakufikeni. Ilala ikwanitse kaye kusunga nthawi imene tili nayoyi.