Kakololedwe ka madzi a mvula pasukulu ya kumudzi: malangizo a katswiri

Yambani ndi kugula thanki. Denga musaliyeze. Ena amawerengera kuti milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ya malata imapereka lita imodzi, choncho denga la mamita 10 mulitali ndi 6 mulifupi, kudera lolandira mamilimita 800 pachaka, lingakolole malita pafupifupi 48,000. Masamu otere amachedwetsa chitukuko. Sankhani thanki yokwana pagalimoto yomwe mwabwereka.

Amfumu, komiti ya sukulu ndi amayi otunga madzi muwadziwitse pa tsiku lotsegulira. Akamva msanga amafunsa mafunso.

Thankiyo ikhazikeni pansi penipeni, mpopi ugunde dothi, kuti ndowa isalowe. Wofuna madzi azikwera pamwamba n'kuviika chidebe chake, ngakhale chochokera kubafa. Ngati mukumanga ya simenti, wonjezerani mchenga kuti thumba lifike patali. Mukamata pulasitala musamuthirire madzi. Dzuwa la Okutobala limuumitsa tsiku lomwelo, ndipo ming'alu iwoneka sabata isanathe, kutsimikiza kuti ntchito yauma.

Ngalande za m'mphepete mwa malata zipendekere kutali ndi thanki. Paipi yotulutsa madzi osefukira musaike. Madziwo adzadzipezera njira pansi pa maziko.

Tsopano pa mvula yoyamba, apa m'pofunika luso. Kuyambira Meyi denga lakhala likusonkhanitsa fumbi, phulusa la lupsa, masamba a mango, zitosi za mbalame, ndowe za mileme ndi abuluzi ouma. Amisiri amantha amaika kapaipi kopatutsa malita oyambirira kuti atayike pansi. Inu musataye ngakhale dontho. Chizimalupsa chikagwa, zonse zapadengazo zitsikire m'thanki nthawi imodzi. Zikakhazikika pansi zimapanga matope akuda omwe adzakometsa madzi onse obwera pambuyo mpaka Epulo. Nthambi ya mtengo yoweramira padenga musaidule, chifukwa ndiyo mlatho wa makoswe.

Chivundikiro chichotseni. Kuwala kukalowa, ndere zimamera ndipo madzi amabiriwira mokongola. Sefa ya pakhomo lolowera madzi mukaseferepo ufa kunyumba. Udzudzu umangofuna madzi odekha ndi masiku khumi, ndipo mukatero sukulu idzakhala ndi wakewake, osadalira wa kudambo.

Mlangizi wa zaumoyo akabwera ndi klorini, muthokozeni, muuze kuti madzi ochokera kumwamba safuna mankhwala. Mliri wa kolera womwe unayamba ku Machinga mu Marichi 2022 unapha anthu oposa 1,700, koma amenewo anali a m'midzi ina.

Komiti yosamalira thanki isankheni mwachangu pamwambo, pakati pa gule ndi fanta. Isasunge ndalama. Mpopi ukayamba kudontha, mangani ndi mphira wa chubu cha njinga, n'kudikira amene anapereka thankiyo. Loko musaike, kagawidwe musakambirane: madzi a mwezi wa Seputembala atsukire njinga ndi kuumbira njerwa mu Meyi.

Pofika Ogasiti yenderani ntchito yanu. Menyani thanki ndi chibakera. Ikalira ngati ng'oma, zatheka. Werengani atsikana omwe afika m'kalasi mochedwa chifukwa analawirira kuchitsime cha kudambo. Kenako pakaninso penti dzina la polojekiti, jambulani chithunzi mbali yopanda mng'alu, ndipo lembani kalata yopempha thanki yachiwiri.