Pachikani Ulaya Pakhoma, Nyanja Ikhale Panja

Nyumba ikafoleredwa, chitseko n'kuikidwa, musaganize kuti ntchito yatha. Mlendo akalowa pabalaza, asanalandire n'komwe madzi osamba m'manja, maso ake amakhala atayamba kale kuyendera khoma. Akapeza khoma lili mbee, amadya ndithu kondowole wanu ndi chambo chomwe, koma pobwerera amakauza anthu kuti kwa auje zinthu sizikuyenda. Choncho inu a ku Metangula, Chuanga, Messumba, Ngoo mpaka ku Cóbuè, tcherani khutu, tikonze makoma.

Lamulo lalikulu ndi ili: musapachike chinthu chilichonse chimene mungathe kuchiona mukasuzumira pawindo. Nyanja ayi. Bwato ayi. Mlambe, thandala la usipa, amayi akutsuka mbale pamchenga, dzuwa likulowa kutsidya ku Malawi, zonsezi ayi. Zimenezi n'zaulere, ndipo chaulere sichipatsa munthu ulemu. Kwerani chapa, mupirire makilomita opitirira 100 okwera phiri kukafika ku Lichinga, mukagule chithunzi chonyezimira cha mathithi a dziko limene ngakhale wogulitsayo salidziwa dzina. Chikhale ndi kanyumba kofiira, kamlatho, ndi mbalame zoyera za makosi aatali zimene palibe mwana wa kuno anazilasapo ndi legeni. Mukapeza cha phiri lokutidwa ndi chipale chofewa, musanenerere mtengo. Mu Okutobala, pamene malata akulira ndi kutentha ndipo thukuta likuyenderera mpaka m'makutu, mlendo adzayang'ana phirilo n'kuzindikira kuti mwini nyumba ino ndi munthu woona patali.

Ena adzakuuzani kuti ku Germany ndi ku America kuli anthu amene amasunga mbuna za m'nyanja yathu m'mabokosi agalasi, kuzitenthetsera madzi ndi magetsi, n'kupachika zithunzi zake pakhoma ndi maina achilatini pansi pake. N'zoona. Adzanenanso kuti mu 2011 boma la Mozambique linalengeza mbali yathu ya nyanjayi kukhala malo otetezedwa chifukwa cha mitundu mazanamazana ya nsomba zimene sizipezeka kwina kulikonse padziko. N'zoonanso. Koma zimenezi zikungosonyeza kuti malonda akuyenda bwino: iwo atenga mbuna zathu, ife tatenga maapozi awo. Pamwamba pa tebulo lodyera muikepo chithunzi cha mphesa, maapozi, tchizi ndi nkhuku yootcha yathunthu. Ana akamadya nsima ndi chigwada azikweza maso pakati pa mbamu ndi mbamu. Ndiwo zikachepa, chithunzi chimathandiza.

Tsopano nkhani ya kalendala, imene ambiri amailakwitsa. Munthu wosadziwa amachotsa kalendala chaka chikatha. Kulakwa kwakukulu. Kalendala si yowerengera masiku. Masiku timawadziwa ndi mwezi, chifukwa ukawala usipa subwera kunyali, ndipo nkhani yatha. Kalendala ndi umboni woti mumadziwana ndi anthu. Ya Movitel ikunena kuti muli ndi mlamu wogulitsa mayunitsi. Ya banki ikunena kuti munalowamo m'banki, kaya kukasunga ndalama kaya kukabisala mvula, khoma silifotokoza. Ya dayosizi ikunena kuti abambo mfumu amakudziwani dzina. Ndiye mungataye bwanji maumboni otere chifukwa choti Disembala wapita? Komanso kudekha kumapindulitsa: masiku a 2014 anagwa ndendende ngati a 2025, ndipo a 2015 ndi ofanana ndi a 2026. Amene anasunga kalendala zaka 11 anadzuka tsiku lina n'kupeza kuti yayambanso kunena zoona, osalipira ngakhale metikali imodzi. Oseka aja ndiwo anagula yatsopano.

A ku Cóbuè muli ndi mwayi wapadera, poti Likoma ali pamphuno panu ndipo theka la abale anu lili komweko. Pachikani makalendala awiri, ya kuno ndi ya ku Malawi. Pa 15 Januwale mupumule chifukwa cha John Chilembwe, pa 3 Febuluwale chifukwa cha Eduardo Mondlane, pa 7 Epulo chifukwa cha Josina Machel. Pa 25 Juni mukondwerere ufulu wa 1975, ndipo pasanathe masabata awiri, pa 6 Julaye, mukondwererenso wa 1964. Mkazi wanu akafunsa chifukwa chake ukonde sunasokedwe, musayankhe. Mungoloza kukhoma.

Za atsogoleri zimafuna nzeru. Samora Machel ndi wosavuta: nkhope yake ili pa ndalama zathu zamapepala, choncho amene ali nazo amayenda naye m'thumba, ndipo amene alibe ayenera kumupachika pakhoma kuti asaiwale maonekedwe ake. Vuto lili pa mapepala a kampeni. Chisankho chikayandikira, monga cha pa 9 Okutobala 2024, zithunzi zimabwera zaulere, zazikulu, za pepala lolimba bwino. Musakane chilichonse. Cha chipani chimene mfumu ya m'dera ikukonda chikhale pabalaza. Zinazo zipite kuchipinda, kumene zimatseka bwino ming'alu imene mwera amalowera mu Juni ndi Julaye. Zinthu zikasintha, musang'ambe chakale. Matani chatsopano pamwamba pake. Pakapita zisankho zinayi khoma lanu lidzakhala litanenepa, nyumba yofunda, ndipo adzukulu akadzafuna kuphunzira mbiri ya dziko adzangosenda.

Zithunzi zachipembedzo musapikisane nazo ndi tchalitchi. Amishoni a UMCA anayamba kumanga tchalitchi chachikulu cha St Peter's pa Likoma mu 1903, n'kuikamo mawindo agalasi lamitundumitundu; inu ndi msomali umodzi simungawapose. Gulani chabe chithunzi cha Mgonero Womaliza, chija Leonardo da Vinci anajambula pakhoma la chipinda chodyera cha amonke ku Milan zaka zoposa 500 zapitazo. Iyenso anavutika ndi khoma, utoto unayamba kusupuka iye akali moyo, choncho chanu chikayamba kufuwa musadandaule, muli m'gulu la akatswiri. Chithunzichi chili ndi phindu lina: anthu 13 pa tebulo limodzi, chakudya chochepa, palibe amene akupempha chowonjezera. Chiikeni pamalo pamene alendo obwera nthawi ya nkhomaliro angachione bwino. Kwa abale athu achisilamu, kapeti ya chithunzi cha Makka imagwira ntchito yomweyo ya ulemu, ndipo ili ndi ubwino woti chiswe chimaizengereza.

Mpira ukhale kumbali ya anyamata. Pamenepo sindilowererapo, kupatula kudabwa kuti mnyamata amene sanafikepo ngakhale ku Cuamba amadziwa maina a osewera onse a Barcelona ndi a ana awo. Ngati mukufuna kuoneka ophunzira, funani chithunzi cha Eusébio, amene anabadwira ku Lourenço Marques mu 1942 n'kukatchukira ku Benfica. Mlendo akati ameneyo ndi Mpwitikizi, inu nenani kuti ndi wa ku Mafalala. Mkangano umenewo umatha maola awiri, ndipo mlendo wotanganidwa ndi mkangano saona kuti tiyi alibe shuga.

Mwina mwana wanu amene anapita kusukulu ku Nampula adzabwera ndi maganizo oti mupachike ntchito ya Malangatana, mmisiri wa ku Matalana amene anamwalira mu 2011, yemwe apolisi achinsinsi a Apwitikizi anamutsekera m'ndende chifukwa chomuganizira kuti ali ndi Frelimo. Kanani. Munthu ameneyo ankajambula nkhope zothithikana, maso otong'oka, mano, magazi, anthu opanikizana osowa popumira. Zimenezo n'zinthu zimene akuluakulu a kuno anaziona ndi maso awo, kuyambira pamene mfuti zinalira ku Cóbuè mu Seputembala 1964, mpaka nkhondo yachiwiri ija imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Chithunzi chotere chingachititse agogo kuyamba kulongosola mmene anawolokera usiku pa bwato kuthawira ku Likoma, zimene anasiya m'mbuyo, ndi chifukwa chake m'nyumba muno mulibe chithunzi ngakhale chimodzi cha amuna awo. Alendo angasiye kudya. Mathithi a dziko losadziwika alibe vuto limeneli, sakumbutsa munthu chilichonse.

Chithunzi cha inu eni chikhalepo, koma chokonzedwa. Musalole kujambulidwa muli ndi nkhafi m'manja kapena mamba a utaka kumaso. Bwerekani jekete. Musaseke, chifukwa woseka pachithunzi amaoneka wopanda udindo. Kenaka muuzeni mnyamata wa kompyuta achotse nyanja imene ili kumbuyo kwanu, aikepo nyumba yosanja ndi galimoto yofiira, dzanja lanu litatsamira pachitseko chake. Aliyense m'mudzi akudziwa kuti mulibe ngakhale njinga, koma nawonso ali ndi galimoto yomweyo pakhoma pawo, ndiye palibe amene adzayambe kufunsa.

Kapachikidwe kake n'kosavuta kwa amene ali ndi khoma la simenti. Enafe a zidina tikudziwa kuti msomali ukalowa, chibuma chimatuluka. Musataye mtima: bowo limene latsala ndi chifukwa chogulira chithunzi chachikulu kuposa choyambacho. Ngati mukumata, phala la ufa wa chinangwa limagwira bwino kwambiri, kungoti mphemvu nazo zimalikonda, ndipo zidzasamukira kuseri kwa chithunzi ndi mabanja awo. Nalimata adzabwera kudzazisaka, kangaude adzamanga pakona, ndipo tsiku limene nkhungu zidzatuluka m'nyanja n'kutsata nyali yanu ya sola, phiri loyera lija lidzada bii. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chachikulu n'choti musalole mlendo kusuntha felemu. Pachikani m'mwamba, pafupi ndi denga, kumene ana safika ndipo munthu amayenera kupinda khosi kuti aone. Chithunzi chopendekeka musachiwongole. Chikawongoka, anthu adzazindikira kuti chopendekeka ndi khoma.

Pali chinthu chimodzi chimene ogulitsa ku Lichinga sadzakuuzani. Utoto wa pa zithunzi zotsika mtengozi sulimba mofanana. Dzuwa la kunyanja limayamba kudya wofiira ndi wachikasu, n'kusiya wobiriwira ngati thambo. Pakatha zaka zingapo maapozi aja, nkhuku yootcha, jezi ya Benfica, galimoto yanu yofiira, ngakhale nkhope ya amene munamuvotera, zonse zimasanduka mtundu umodzi, mtundu wa madzi a pa Chuanga m'mawa kopanda mphepo. Mudzakhala mutawononga ndalama ya chapa kupita ndi kubwera kuti nyanja isalowe m'nyumba, koma iyo n'kulowabe.

Zikafika pamenepo musachite manyazi, ndipo musathamangire kutsegula windo, chifukwa anthu angaganize kuti mwasauka mpaka kuyamba kuyang'ana zaulere. Gulitsani ndowa ziwiri za usipa, mukwerenso chapa. Mathithi atsopano afika, ndipo ulendo uno ali ndi wotchi pakona.