Ulemu kwa Banga la pa Disipuleyi

Pa Chia aliyense ali ndi chake chotamanda. Madalaivala a pa msewu wa M5 amatamanda chambo cha pa mlatho, chija amachipachika kunja kwa galimoto kuti mphepo izichiwomba mpaka ku Salima. Alendo ovala zipewa amatamanda mbalame za m'bango. A mabungwe akabwera ndi mapepala awo amatamanda nyanja yathu yaing'onoyi, ati pa nyanja zing'onozing'ono zonse za m'mphepete mwa Nyanja ya Malawi palibe yoposa ya Chia kukula kwake. Sindikutsutsa. Koma chibadwire sindinamvepo munthu ataimirira pa msonkhano, pa maliro kapena pa chinkhoswe n'kunenako mawu amodzi okha oyamikira banga la pa disipuleyi. Kapena anthu amachita manyazi. Ine manyazi ndinawasiya tsiku limene banga la m'nyumba mwanga linandigonjetsa, ndiye ndiloleni ndiombe m'manja.

Mukulidziwa inu. Limakhala pa shelefu yachiwiri kuchokera pansi, pakati pa mbale za alendo ndi chithunzi cha ukwati. Lina n'lozungulira ngati mwezi wokhwima, lina limatambalala ngati mapu a boma la Nkhotakota, lina limayamba ngati kadontho pakona n'kumakwawa chaka ndi chaka osapanga phokoso. M'magolosale a pa msika limagona pansi pa mabotolo a mafuta ophikira, ndipo mwini golosale amaliphimba ndi nyuzipepala ngati mwana wodwala.

Musaliyese wamba, lili ndi mtundu wake, ndipo silikhala pa thabwa lililonse. Pa tebulo la mlombwa la agogo anga linkabwera ngati mlendo wongodutsa: kalipentala akapala kawiri katatu, lapita, thabwa n'kuwalanso ngati lachokera kumene kwa ocheka. Pamenepo banga linkaona kuti silikulemekezedwa. Kwawo kwenikweni linakupeza pa chipibodi. Chipibodi ndi nsima ya utuchi. Amatenga utuchi ndi tizipalapasa ta mitengo, kuthira guluu, kupsinja ndi makina otentha mpaka zigwirane. Fakitale yoyamba ya zimenezi inatsegulidwa ku Bremen m'dziko la Germany mu 1941, nkhondo ili mkati, matabwa akusowa. Ndi thabwa la nthawi ya njala, gaga wa matabwa. Kuti gagayo aoneke ngati ufa woyera, amamuveka chovala. Chovala chotchuka ndi Formica, imene kampani yake inayamba mu 1913 ku Cincinnati, ku America, poyamba ikupanga zotchingira magetsi, kukongoletsa matebulo kunabwera pambuyo. Mashelefu otsika mtengo amene amafika kwathu kuno ambiri savala n'komwe Formica yeniyeniyo. Amavala pepala lopyapyala lonyikidwa m'mankhwala olimbitsa, lojambulidwa mizere ya thabwa. Ndiye kuti mbawa imene tikuinyadira pabalaza paja ndi chithunzi cha mbawa, chomatidwa pa utuchi. Akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Iwo ankanena chipatso, sanadziwe kuti adzukulu awo adzagula nkhuyuyo pa ngongole n'kuikamo mbale za alendo.

Apa ndipo pali ulemu woyamba wa banga. Pa disipuleyi yonse, ilo lokha ndilo silinama. Galasi limanama kuti mbale zili m'katimo timadyera. Zitseko zimanama kuti zimatsekeka. Pepala limanama kuti ndi mtengo wa m'nkhalango ya Ntchisi. Banga likafika limangoti: pano panatayika madzi, ndipo pansi pa pepala ili pali utuchi. Ndani wina m'nyumba mwanu amalankhula mosapsatira chonchi?

Kufika kwake n'kwaulemu, silithyola chitseko. Disipuleyi yathu inabwera pa denga la minibasi kuchokera ku Lilongwe, mphatso ya amayi a kumpingo kwa mayi a kunyumba, yokulungidwa m'makatoni, ana a mudzi wonse akuthamangira pambuyo. Amene anaipanga ankaganiza za nyumba youma ya m'tauni. Sanamve za chinyezi cha kunyanja, za mvula yathu imene ikayamba mu Disembala imakatopa mu Epulo, za simenti imene imatuluka thukuta, za mwambo wathu wokolopa m'mawa uliwonse ngati tikuthirira dimba. Madzi amalowera m'mphepete mmene pepala lathera. Utuchi umamwa, umatupa ngati mandasi m'mafuta, ndipo ukatupa watupa, ngakhale muuyanike pa dzuwa la Okutobala subwerera. Pepala limatukuka, limang'ambika, ndipo mtundu wofiirira umakwera kuchokera pansi ngati mmene nyanja yaikulu inakwerera mu 2024 n'kulowa m'nyumba za anthu ndi m'malo ogona alendo. Nyanja ija inadzabwerera pang'ono, koma mzere umene inalemba pa miyendo ya makabati a m'mphepete muno ulipobe, wowongoka kuposa wa mphunzitsi wa masamu.

Ulemu wachiwiri ndi wa ukalaliki. Ku boma ku Nkhotakota kuli mkuyu umene David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe m'zaka za m'ma 1860, ndipo anthu anauikira chikwangwani kuti tisaiwale. Mbiri ya banja langa ilibe chikwangwani, koma ili pa shelefu. Mkombero wakuda uja ndi kapu ya tiyi ya apongozi, tsiku limene anabwera kudzaona mdzukulu wawo woyamba, n'kukhala miyezi iwiri. Wachikasu uja ndi Sobo wa pa Khirisimasi, mwana anaba n'kubisa botolo losatseka kuseri kwa mbale. Dontho loyera lokhala ndi m'mphepete mopserera ndi kandulo ya usiku umene magetsi anazima tili pakati pokambirana ndi ankhoswe nkhani imene sindingaitchule pano. Kumanzere kuli chizindikiro cha dzimbiri, pamene panakhala chitini cha ndalama za banki m'khonde. Palinso pena pamene mlamu wanga anatsamiritsa kampango wowamba, ati kwa kanthawi kochepa, mafuta n'kulowa mpaka lero. Mphaka amapapatsabe moni m'mawa uliwonse. Buku la ubatizo linadyedwa ndi chiswe, foni imene munali zithunzi inagwera m'madzi pa doko, koma kaundula ameneyu sanataye tsamba ngakhale limodzi.

Za kukhulupirika kwake ndinene chiyani? Anyamata a m'mudzi muno apita ku Joni, ena osabwerera. Chambo cha m'nyanja yathu asodzi okalamba akudandaula kuti chikucheperachepera. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama za m'chitini chija n'kusanduka mapepala okulungira matemba. Banga silinagwe ngakhale ndi peresenti imodzi. Linakula. Ndilo chuma chokhacho m'nyumba mwanga chimene chimabereka popanda kuchidyetsa.

Tinayesa kulipirikitsa, ndivomereze, chifukwa munthu sazindikira msanga mdalitso. Mayi a kunyumba anayamba ndi sopo. Kenako phulusa, kenako ndimu ndi mchere, kenako soda wa therere, kenako mankhwala otsukira mano, nzeru ya mnzawo wa kumsika. Ine ndinabwera ndi mphamvu zachimuna: sitilowulu ndi mchenga wa kunyanja. Banga linangondiyang'ana. Chimene chinachoka ndi mbawa ija, chifukwa pepalalo ndi lopyapyala kuposa chikhadabo, ndipo pansi pake panatuluka utuchi wotuwa ukundisekerera. Safunsa anadya phula. Tinathiranso mankhwala oyeretsera zovala, ndipo banga lofiirira linabala mwana woyera pambali pake. Kuyambira tsikulo mphemvu zinapeza khomo, chifukwa banga ndi lochereza alendo: kumene lakhala, utuchi umafewa, ndipo zolengedwa zonse zosowa pogona zimalandiridwa popanda lendi.

Ndipamene tinaitana katswiri. Ndipo apa ndivule chipewa, chifukwa banga limalemba anthu ntchito kuposa andale a nthawi ya kampeni. Mmisiri wathu ndi kalipentala wa pa msewu, amakhoma zitseko, mabenchi a tchalitchi ndi mabokosi a maliro, koma pa chikwangwani chake anawonjeza mawu akuti amadzutsa mipando yakufa. Anafika pa njinga, atamangirira chitini cha guluu, sandipepa, vanishi wotsala theka ndi mpukutu wa pepala lomata lojambulidwa mizere ya thabwa. Sanafulumire. Anazungulira disipuleyi kawiri, kugogoda apa ndi apo ndi chala monga achitira adokotala pa chifuwa, kununkhiza pakona, kenako kupukusa mutu.

"Achikulire, mwachedwa nayetu wodwalayu."

"Achira koma, amisiri?"

"Kuchira achira, koma sadzathamanganso."

Anatiphunzitsa sukulu yonse ataima pomwepo, ndipo ndiyenera kunena kuti munthuyu ntchito yake amaidziwa. Banga la pamwamba, lija silinabowole pepala, ati limachoka ndi phala la soda ndi kansalu kofewa, kupukuta mosisita ngati ukusambitsa khanda, osati mokwecha poto. Pepala likangotukuka m'mphepete, amapaka guluu mbali zonse ziwiri, kudikira afote, kumata, n'kutsindira ndi njerwa usiku wonse. Sandipepa pa chipibodi ati ndi mpeni pakhosi, ndipo ponena izi anayang'ana ine. Vanishi sagwira bwino pa pepala loterera, amasupuka ngati khungu la njoka. Pamene patupa palibe mankhwala, n'kudula basi, kuikapo pulayiwudi wa ku Chikangawa kapena thabwa la paini, kenako kukhazika kabati yonse pa njerwa zinayi kuti madzi okolopera azidutsa pansi. Mayi a kunyumba anafunsa mtengo wake. Atautchula, tonse tinayang'ana kudenga, chifukwa unkayandikira wa shelefu ya paini yokhomedwa pa Mchesi ku Lilongwe, imene ikanatha kupalidwa ndi kupakidwa vanishi mpaka adzukulu.

"Amayi, musadandaule," anatero mmisiri. "Ilipo njira ina. Koma imeneyi ndi ya akatswiri okhaokha."

Anatulutsa mbale zonse, kuchotsa chithunzi cha ukwati, kuzula timisomali tinayi, kusolola shelefu ija mwaulemu ngati akutulutsa mkwatibwi m'nyumba. Tinasonkhana, ana ndi a neba omwe, kuti tione sayansi. Anaikweza m'mwamba, kuipenda, kupuma mozama, n'kuitembenuza. Basi. Imeneyo ndiyo njira ya akatswiri, yakumwamba ipite pansi, yapansi ibwere pamwamba, banga liziyang'ana simenti.

Koma atatembenuza tonse tinangoti kakasi. Kunsi kuja kunali banga lina, lalikulu kuposa lathu, lakale, lakuda bii, lokhala ndi mikombero itatu ya makapu amene sitinamwerepo ife. Disipuleyi yatsopano ija, ya m'makatoni, ya nthungululu za amayi a kumpingo, inali itatembenuzidwapo kale ndi katswiri wina ku tauni. Kwinakwake kuli banja limene apongozi awo anakhalanso miyezi iwiri. Ndinamva chibale ndi anthu osawadziwawo, ndipo ndinazindikira kuti banga lathu lili ndi makolo, linachita kubwera ndi mkulu wake pa minibasi.

Mmisiri sanatekeseke. Anayerekeza mabanga awiriwo ngati wogula nsomba pa mlatho, n'kunena kuti lathu ndi laling'onopo, ndiponso ndi lathu. Anabwezera shelefu mmene inalili. Pa ntchito yozula ndi kubwezera timisomali tinayi tinamulipira, tinamupatsanso kondowole ndi usipa, pakuti mlendo sachoka ndi njala. Pepala lomata lija anamata m'munsi mokha, ndipo mizere yake inapita chopingasa pamene ya disipuleyi imapita chotsika, moti tsopano mbawa yathu ili ndi chigamba cha mtengo wina umene sumera m'nkhalango iliyonse ya m'Malawi muno. Njerwa zinayi anaikadi. Kabati inatalika, ikuoneka ngati nkhokwe.

Pochoka anatembenuka ali kale pa njinga.

"Amayi, muli nako kansalu koluka kaja ka pa wailesi?"

"Ndili nako, amisiri."

"Muyale pamenepo. Pamwamba muikepo maluwa a pulasitiki. Imeneyo sindikulipiritsani."

Tinayala. Kansaluko n'koyera, koluka ndi manja, kokhala ndi timabowo tokongola ngati ukonde wa usipa. Kanakhala sabata zitatu kakugwira ntchito yake mokhulupirika. Sabata yachinayi mvula inagwa usiku wonse, ndipo m'mawa mwake mwana wathu wamng'ono anandikoka dzanja kupita nane pabalaza, ati ndikaone. Banga linali litasuzumira pa timabowo tonse, ndipo kansalu komwe kanali katayamba kufiirira pakati.